Bolodi la Munda Watsopano

Ntchito ija alamu anga ndinawapezera ndine, ndipo n'chimene chinkandiwawa koposa.

Anali mlongo wake wa mkazi wanga, wamng'ono kwa ine, wokulira ku lokeshoni ya Gaza, m'tauni ya Chipinge. Atamaliza Fomu Folo anakhala chaka akungoyendayenda m'tauni, mpaka mkazi wanga anandichonderera kuti ndiwalankhulire ku esiteti ya tiyi komwe ndinali kalaliki, kuno ku Honde. Ndinakawachingamira posikira basi ku Hauna, chikwama chawo chimodzi, nagona pabalaza pathu miyezi itatu. Chinyanja chawo chinali chopotoka. Kawirikawiri ankaiwala zoti "alamu" n'kunditchula "tsano" ngati Amanyika, eni dera lino.

Chaka chotsatira kampani inaganiza zotsegula munda watsopano paphiri la kumtunda kwa fakitale. Panali kugwetsa mitengo, kuzula zitsa, kukumba ngalande ndi maenje, kenako kubzala mbande mvula ikangogwa. Lachisanu lililonse ndinkapita kwa a manejala kukanena pomwe tafika. Alamu anali ongoyenda ndi tepi, kuyeza zimene anthu agwira.

Lachisanu lina a manejala anandifunsa, ine n'kuyankha mosakayika: "Tili pakati, bwana. Theka la ndalama za munda latha."

Alamu anali pakhomo, atabweretsa mapepala. Anatsokomola.

"Pepani, bwana. Ndalama zafikadi pakati, koma zitsa tazula mbali ya kumunsi yokha. Ngalande sitinayambe n'komwe."

A manejala anawayang'ana nthawi yaitali. Lolemba lake ndinapeza bolodi lakuda litakhomedwa pakhonde la ofesi, choko chili m'manja mwa alamu. Ntchito iliyonse anaipatsa mzere wake. Choko choyera chinkasonyeza pomwe tinayenera kukhala sabata imeneyo, chachikasu pomwe tinalidi, chofiira pomwe ndalama zafika. Ngakhale osadziwa kuwerenga ankamva. Akapitawo ankaima pamenepo m'mawa kukangana za mizere yawo, ndipo amayi othyola tiyi ankasuzumira popita kusikelo.

Ine ndinkadutsa ngati sindikuliona, koma ndinkalidziwa lonse pamtima. Kunyumba mkazi wanga ankati, "Mwamva zomwe akunena za mlongo wanga?" Zaka khumi ndikulemba mabuku a esiteti, a manejala sanaimepo nane pakhonde n'kumaseka monga ankachitira ndi mnyamata amene ankavala jekete langa lakale.

Mvula ili pafupi, mdala wina wa ku nazale, wochokera ku Mulanje ngati malemu bambo anga, anandiimitsa panjira.

"Mwanawe, ukawauze a bolodi aja. Mbande zachedwa, mizu sinakhwime. Zikufuna mwezi wina."

Ndinavomera. Ndinafika pakhonde, alamu ali kalikiliki ndi choko chawo, akuimba kamluzu. Ndinaona kuti pabolodi panalibe mzere wa nazale. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinangofunsa ngati adya.

Masabata awiri ndinakhala chete. Alamu anapempha aganyu owonjezera kuti maenje athe msanga, ndipo anathadi, choko chachikasu chinapeza choyera. Mvula inagwa yamphamvu, monga imagwera ku Honde. Mbande kunalibe. Maenje onse anadzaza matope, ena anagumuka, ndipo panafunika kukumbanso.

Ndinkayembekeza kuti abisa. Ayi. Anafufuta okha mzere wachikasu, naubweza m'mbuyo, wofiira nautalikitsa mpaka kumapeto kwa bolodi. A manejala anawakalipira anthu akumva, iwo atangoima, manja kumbuyo. Ndinali pazenera. Chimene ndinkachilakalaka chinali chitachitika, koma sindinasangalale nacho.

Masana ake alamu anandipeza ndikudya pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Alamu, mdala wa ku nazale akuti anakutumani."

"Ndinaiwala."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kuphiri kuja.

"Chabwino. Kulakwa n'kwanga, sindinaike nazale pabolodi. Kuyambira mawa mzere umenewo uzikhala wanu. Mdala uja Chinyanja chake mumachimva bwino ndinu."

Ndinaulemba mzerewo Lachisanu lililonse mpaka munda unabzalidwa, mochedwa ndi mwezi ndi theka. Patapita zaka ziwiri alamu anakwezedwa, nawatumiza ku esiteti ina ya ku Chipinge, komwe anawapatsa nyumba ya magetsi ndi njinga yamoto. Ine ndinapuma ntchito ndili kalaliki.

Mlongo wawo sanamuuzepo za nazale. Ndikudziwa chifukwa mkazi wanga sasunga mawu; akanandifunsa tsiku lomwelo. Timapita kukawaona pa Khirisimasi, ndipo amandilandira ndi manja awiri, kundikhazika pampando wawo. Ndimawathokoza kuchokera pansi pamtima. Koma akayamba kufotokoza za damu limene akumangitsa, ndimapezeka ndikufunsa ngati kumeneko zinthu sizikuchedwa.