Mlamba wa Amalume wa mu White River

Ndili pasukulu ku South Bend ndinapeza kaganyu kowerengera nsomba zimene anthu owedza mongosangalala amagwira. Anzanga ankazungulira m'mitsinje ndi kunyanja ya Michigan atavala yunifolomu, kufunsa aliyense wa mbedza kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji, wagwira zingati, wabwezera m'madzi zingati. Mayankhowo ankafikira ine pakompyuta, ndipo ndinkawatakasa ndi masamu mpaka atiuze kuchuluka kwa owedza pamalo alionse, ndi osafunsidwa omwe. Akuluakulu ankayang'ana zimenezo posankha poika zikwangwani zochenjeza anthu za nsomba zoipa.

Panali chigawo china cha mtsinje wa White River ku Indianapolis, kumunsi kwa mafakitale akale, chimene masamu anga ankati palibe amadya nsomba zake. Ndinkawakhulupirira masamuwo, mwinanso mopitirira muyeso.

Amalume anga, alongo awo a mayi, ankakhala cha ku Lafayette Square, mapepala awo okhalira m'dzikomo atatha kalekale. Loweruka lina nditapita kukacheza, akazi awo, omwe anali ndi pakati, anandiikira mlamba wokazinga.

"Idya mphwanga, wa mu White River ameneyu," anatero amalume monyadira. "Azungu akagwira amangojambulitsa n'kutaya. Misala!"

Atanditchulira malowo ndinazindikira kuti ndi chigawo chomwe chija. Matope a pamenepo ali ndi mankhwala a m'mafakitale amene amakhazikika m'mafuta a nsomba, sachoka ngakhale ukazinge chotani, ndipo woyamba kuvulala amakhala mwana wa m'mimba. Chakudya cha amalume sakana, choncho ndinanyemako pang'ono. Nkhani ndinakaiyambira panja akundiperekeza.

"Amalume, nsomba zimenezi si zabwino kwa anti."

"Chikwangwani chake chili kuti? Kuno amalemba chenjezo ndi pakapu ya khofi pomwe. Zikanakhala zoipa bwenzi atalemba."

"Sanalembe chifukwa sadziwa kuti mumadya. Ofunsa aja akabwera muziwayankha."

"A yunifolomu aja? Tikangowaona timapakira n'kulowa patchire. Ukufuna andidipote?"

Ndinachita manyazi ndi ntchito yanga. Amene ankaima n'kuyankha anali a maboti, obwezera nsomba m'madzi. Okadya kunyumba ankathawa, ndipo masamu sawerenga munthu wobisala.

Nditabwerera ku South Bend ndinawafotokozera abwana anga, osatchula munthu. Anali mayi womvetsa zinthu, moti anatumiza wofunsa kuti azipita pamalopo pafupipafupi. Wofunsayo ankangopeza zitsa za ndudu ndi ulusi woduka. Mayankho ake anafika patebulo langa akuti palibe wowedza, ndipo ndinawalowetsa m'kompyuta ndi zala zanga zomwe, ndikudziwa kuti ndi bodza. Chikwangwani sichinaikidwe.

Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma amalume, poona wa yunifolomu akubwerabwera, anaona ngati ndawapereka. Anti anandinong'oneza pafoni kuti amalume ndi anzawo tsopano akuwedza kumunsi kwenikweni, pafupi ndi paipi ina yotulutsa madzi ofunda, kumene milamba yake ndi yonenepa kuposa ija. Ndinawachonderera kuti asamadye. Anati amva, koma ndiwo zake zinali zomwezo, nanga akanawauza chiyani amuna awo? Nditawafunsa amalume malowo anandidula.

"Iwe sukulu yakukwana. Uzingobwera kudzadya, za kumtsinje uzisiye."

Mwana atabadwa ndinapita kukamuona. Ndinamuwerenga zala, azimayi a kutchalitchi n'kumandiseka kuti masamu ndafika nawo mpaka m'chikuta. Zala zinali zokwanira, koma sindinasangalale, chifukwa mankhwala amenewa saonekera m'zala. Amadzaonekera mochedwa, mwana akamaphunzira kulankhula.

Panopa mwanayo akuthamanga nyumba yonse. Anzake obadwa nawo limodzi akuwayankha kale makolo awo m'Chingerezi. Ndikaimba foni ndimayamba ndazungulira, za nyengo, za ntchito, kenako ndimafunsa ngati wayamba kutchula mawu.

"Anyamata amachedwa," amatero anti.