Ndinasiya Pasipoti M'boti, Ndinataya Mwana ku Tete

Inu owerenga, ine ndine bambo amene mwana wake ali moyo, wakula bwinobwino, koma sanditchula kuti bambo. Palibe anandilanda mwanayo. Ndinamutaya ndekha mumzinda wa Tete, chifukwa chotsika m'boti popanda pasipoti, komanso chifukwa cha pakamwa pangapa. Amene mumayenda maulendo a pamadzi n'kumaima m'maiko a eni, khalani pansi mumve.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, kwathu ku Ntcheu kunadzaza anthu othawa. Ankabwera ndi mitolo pamutu, opanda chikalata chilichonse, ndipo ife tinkawaloza malo omangapo zisakasa. Mwa iwowo munali Rosa wa ku Tsangano, amene ndinamukwatira, n'kubereka naye mwana wamkazi dzina lake Felista. Mtendere utabwera, mchimwene wake wa Rosa, alamu anga a Domingo, amene ankakhala pakhomo pa mayi anga, anati akutenga mbumba yawo kupita nayo ku Tete, kumene anali atapeza ntchito yomanga. Ine ndinakana kutsatira poti ndinali nditangolembedwa ntchito ya ukhukhi kwa mzungu wina ku Blantyre. Ndinkati ndidzawalondola zinthu zikayera. Koma chimene chinandilondola ine ndi uthenga wa maliro. Dalaivala wina wa thiraki anandiuza kuti Rosa anatisiya ndi malungo, anaikidwa kalekale, ndipo mwana ali kwa amalume ake ku Degue, dera lina la mumzindawo. Kuchokera tsiku limenelo mtima wanga unali pa chinthu chimodzi basi, kukatenga Felista kuti adzakule ndi ine.

Bwana wangayo anali ndi boti lalikulu lonyamula alendo okaona malo. Linkanyamuka ku Nsanje, kutsika ndi Shire, kulowa mu Zambezi, n'kukwera mpaka ku Tete. Atandiuza kuti ndikaphikire alendo pa ulendo wina, ndinati Mulungu wandiyankha.

Tisananyamuke, kaputeni wathu, mkulu wina wosaseka wa ku Nsanje, anatisonkhanitsa tonse. Anatolera mapasipoti n'kuwatsekera m'kabokosi kachitsulo. Anati viza imene anatitengera ndi ya gulu, ndipo alendo okha ndi amene akaloledwe kutsika ku Tete, masana okha, atatsogozedwa ndi munthu wovomerezeka wa komweko. Ife antchito malire athu anali padoko. Anatinso madzi ayamba kuphwera, choncho boti likanyamuka dzuwa likangopendeka kuti tikadutse pa mchenga kukadali kowala, ndipo sakadikira munthu, kaya ndi mzungu kaya ndi ndani.

Ine ndinangoseka chamumtima. Ndinati awa akuopa chiyani? Anthu a ku Mozambique anadzaza mudzi wathu wonse opanda ndi kapepala komwe, tinkadya nawo, tinkaika nawo maliro. Lero ine ndikafike kwawo andifunse chikalata? Samva m'nkunkhu ndinali ine, ndipo nkhani ya mwana sindinauze munthu aliyense m'botimo.

Njira yonse ya mu Zambezi inali ya zii. Tinkadutsa midzi yopanda madenga, yomera tchire mpaka pakhomo, ndipo pena pagombe pankaoneka miyala yopakidwa utoto wofiira. Kaputeni anati pamenepo pali mabomba okwirira, munthu asayerekeze kutsikapo ngakhale atapanikizika chotani. Azungu ankajambula zithunzi, koma ife antchito tinkangoyang'anana.

Tinafika ku Tete m'mawa, mlatho waukulu uja ukuoneka patsogolo pathu. Kutentha kwa kumeneko, abale, kumachita kukutsamwitsa. Alendo atakwera galimoto yawo, ine ndinatenga dengu n'kunena kuti ndikukagula tomato kwa amayi ogulitsa padoko pompo. Pansi pa dengulo ndinali nditabisa nsapato zofiira za mwana. Mlonda wa padoko, bambo wa mwendo umodzi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anandifunsa m'Chinyanja ngati ndili ndi dokumento, ndiye kuti chikalata, poti masiku amenewo mlendo wopanda dokumento sankamuona ngati munthu wabwino. Ndinamuyankha mwachipongwe kuti ndikupita kwa alamu anga, osati kwa boma. Sanandiletse, anangopukusa mutu.

Ndinakwera chapa, timinibasi ta kumeneko. M'njira ndinaona nyumba zina zikupakidwa laimu, zina zidakali mabwinja, ndi anyamata ochoka ku usilikali atakhala m'mithunzi ya milambe osachita kanthu. Pamphambano ina apolisi anali ataimitsa galimoto, anthu atandanda pamzere aliyense chikalata m'manja. Chapa yathu anangoikodola kuti idutse. M'malo mobwerera ndinati mwaona, palibe vuto.

Nditafunsafunsa ku Degue ndinaipeza nyumba ya a Domingo. Pakhomo panali akazi awo, ndipo kumbuyo kwa chitenje chawo kunkasuzumira kamtsikana ka maso a Rosa enieni. Ndinafuna kukanyamula, koma kanathawira m'nyumba.

Apa ndi pamene ndinaiwala kuwerengera, inu owerenga. Ine ndinkaganiza zofika, kuyankhula za mwana, n'kubwerera. Koma munthu sungafike pakhomo pamene mkazi wako anamwalirira n'kuyamba ndi nkhani zina. Akazi a alamu atangondizindikira anayamba kulira, anansi anamva n'kubwera, maliro anayambiranso. Anandiyalira mphasa, aliyense ankabwera kudzandipepesa, wina kufotokoza mmene matenda anayambira, wina mmene anamutengera kuchipatala. Anatuma uthenga kwa alamu kumene ankamanga sukulu, chifukwa iwo ndiwo mwini mbumba, ndipo popanda iwo palibe chikanayankhulidwa. Ndinkaona mthunzi wa nyumba ukufupika, kenako n'kuyamba kutalika mbali ina. Ndikanati ndikufulumira, boti likundisiya, akanandiona bwanji? Mwamuna amene sanabwere pa maliro a mkazi wake, lero wabwera n'kumayang'ana dzuwa? Manyazi ananditseka pakamwa.

A Domingo atafika anati tiyambe tapita kumanda. Tinayenda mondondozana m'kanjira kakang'ono, iwo patsogolo, atandichenjeza kuti ndiziponda pamene iwo aponda. Nditaona mtumbira wa Rosa ndinalira ngati mwana, ndipo za boti zinandichoka m'mutu.

Pobwera kumanda ndi pamene tinakamba za Felista. Alamu anga anali munthu wofatsa, woyankhula motsitsa. Anati sakukana, mwana akufunikadi sukulu ndipo bambo ake ndi ine. Anati ndipite, ndikabwere ndi ankhoswe anga mvula ikatha, adzandipatsa mwanayo masana anthu akuona. Kenako anamuitana Felista n'kumuuza kuti awa ndi bambo ako. Ndinamuveka nsapato zofiira zija, zinamukwana, ndipo anakhala pamiyendo panga akuseweretsa mabatani a malaya anga. Sindinasangalalepo chotero moyo wanga wonse.

Nditadzidzimuka, dzuwa linali litapendeka kale. Ndinatsanzika mothamanga, chapa inachedwa kudzaza, ndipo pofika padoko ndinangopeza madzi okhaokha. Mlonda uja anati kaputeni anandiimbira hutala kangapo, kenako ananyamuka. Pasipoti yanga inali ikutsika ndi Zambezi m'kabokosi kachitsulo, ine nditaima ndi dengu lopanda tomato. Mlondayo anandilangiza kuti ndipite nthawi yomweyo ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka ndikadzinene ndekha, poti wodzipereka samumanga ngati wogwidwa. Ine mantha anandigwira, ndinabwerera ku Degue.

Alamu anamvetsera nkhani yonse. Kenako anati kumeneko kuli lamulo lakuti mlendo aliyense wogona pakhomo amakanenedwa kwa sekeretariyo, mkulu woyang'anira deralo. Anati mfuti za nkhondo zidakali m'manja mwa anthu, mbava zikuvutitsa, ndiye nkhope yachilendo anthu saigonera tulo. Anandipempha kuti tipitire limodzi kwa mkuluyo kusanade, tikafotokoze chilungamo, iwo akandiimira.

Apa ndiye pamene Satana anandikwera. Ndinaganiza kuti akufuna kundipereka kuti nkhani ya mwana ife. Ndinaimirira, anansi akumva, ndi kuwalozera chala.

"Alamu, inu munagona pakhomo pa mayi anga zaka zonse za nkhondo. Ndinakakunenezani kwa ndani? Lero ine usiku umodzi wokha mukufuna mukandigulitse?"

Nkhope yawo inagwa. Anayang'ana pansi, n'kunena mawu ochepa.

"Chabwino, alamu. Gonani. Koma dziwani kuti kwanu kunali mtendere, kuno mtendere ndi mlendo ngati inu."

Sanapite kwa sekeretariyo. Ndinadziona ngati ndapambana, osadziwa kuti ndawakankhira m'dzenje pamodzi ndi ine.

Kutacha, tikusukusula, galimoto ya apolisi inaima pakhomo, sekeretariyo ali momwemo. Phokoso langa lija ndi limene linamveka, ndipo wina anakanena kuti kwa a Domingo kwabisala munthu wochokera kunja. Sindiwaimba mlandu anansiwo, ndiponso apolisiwo sanalakwe. Anandifunsa dokumento, ndinalibe. Anandifunsa kuti ndinalowera pati, ndinati pamadzi. Boti lili kuti? Lapita. Ngakhale ine ndemwe nkhaniyo inkamveka ngati bodza. Anatembenukira kwa alamu n'kuwafunsa chifukwa chimene anagonekera mlendo osanena. Iwo sananene kuti ndinawakakamiza, anangoti alakwa.

Anatimanga unyolo umodzi, dzanja langa ku dzanja lawo. Felista anatuluka m'nyumba atavala nsapato zofiira zija, ndipo ataona zimenezo anakuwa n'kuthamangira galimoto. Sankalirira ine ayi. Anagwira mwendo wa amalume ake, mpaka akazi a alamu anachita kumukanganula. Pamene galimoto inkachoka anandiyang'ana, ndipo maso amenewo ndimawaonabe mpaka lero.

Za m'chitokosi sindinena zambiri, kutentha kwake ndi fungo lake ndi zosakambika. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti alamu anakhala pambali panga masiku onsewo osandinyoza ngakhale kamodzi. Akanandilalatira mwina mtima ukanapepuka. Iwo anatulutsidwa patsogolo, koma pofika ku ntchito anapeza atalemba mmisiri wina, ndipo m'dera lonse anatchuka kuti amabisa anthu. Ine apolisi anandiperekeza mpaka pachipata cha Zobue, n'kundiuza kuti ndisapondenso m'dzikomo kwa zaka zingapo. Ku Blantyre bwana anandibwezera pasipoti yanga n'kundiloza njira, poti naye anavutika kufotokoza chifukwa chimene boti linatulukira likusowa munthu mmodzi. Mvula inatha, ankhoswe anga anapita okha ku Tete, koma anabwera chimanjamanja. Alamu anati mwana akangomva za ku Malawi amabisala kunsi kwa bedi, ndipo iwo sangamukoke.

Zaka zoletsedwa zitatha ndinapitanso, ulendo uno pa basi, viza yanga yanga itadindidwa bwinobwino. Ndinapeza a Domingo atakalamba msanga, akuumba njerwa zogulitsa. Anandilandira mwaulemu, ndipo tisanakhale n'komwe pansi tinayamba tapita kwa sekeretariyo. Ndinapita mosanyinyirika, ulendo wake unali waufupi zedi, moti ndinachita manyazi kuti ndi kamtunda kameneka kamene ndinakakana. Titabwerera anamuitana Felista. Anatuluka ali mtsikana wamkulu, anagwada patali n'kundipatsa moni wa mlendo. Alamu anamufunsa ngati akundidziwa. Anayankha osandiyang'ana.

"Ndikuwadziwa. Ndi aja anamangitsa ababa."

Ababa amene ankanenawo anali a Domingo.  Mwanayo sananame.

Ndiye inu owerenga, makamaka amene mumakwera maboti a alendo kapena kugwiramo ntchito, mverani ine amene ndinapsa. Musananyamuke funsani bwino kuti viza yanu ikukulolani kufika pati, chifukwa ya gulu imathera pamene gulu lathera. Musaponde pamtunda pasipoti yanu ili m'bokosi la munthu wina. Ngati muli ndi abale kumene boti likaime, nenani poyera musananyamuke, mutenge viza yanuyanu, poti kwa abale sikupitidwa ndi nthawi yobwereka, kuli maliro oti mulire ndi akuluakulu oti muwadikire. Boti likakusiyani, pitani nokha kwa olamulira dzuwa lisanalowe. Ndipo mwini nyumba akakuuzani lamulo la kwawo, tsekani pakamwa mumvere. Zabwino zimene munamuchitira kale musazisandutse chikwapu chomukwapulira.

Ine masiku ano mapepala anga amakhala okwana nthawi zonse, ndipo pachipata palibe amandibweza. Felista anakwatiwa ku Tete komweko, ndipo ndinamva kwa madalaivala kuti ali ndi ana. Pa ukwati wake, amene anakhala pampando wa bambo anali a Domingo, ndipo unali wawodi.