Chikwanje cha ababa

Mnansi wanga akamanola chikwanje pamwala, mtima umandigunda ngati ndidakali mwana kwathu ku Nkando.

Kamchimwene kanga kakhanda katamwalira, amayi ankangolira, osadya, osasamba. Azimayi a kutchalitchi ankabwera mosinthana kudzakhala nawo, mpaka anawaperekeza kuchipatala ku Boma kukalandira mankhwala.

Ababa sanalire. Anzawo a kuesiteti ya tiyi anangowagwira paphewa. "Limbani mtima achimwene, mwamuna salira."

Kuyambira pamenepo, ababa akaweruka ankakhala kuseri kwa nyumba n'kumanola chikwanje pamwala. Kwee, kwee! Fungo la chitsulo chonyowa linkafika mpaka pakhonde. Chinali chakuthwa kale, koma iwo osaleka. Ine ndinkaganiza kuti akusaka amene anapha mwana, ndipo amene ankamubereka kumbuyo tsiku lililonse ndinali ine. Ndinkabisala m'munda wa nandolo.

Tsiku lina anandipeza. "Iwe Esinati, ukuthawa chiyani?"

"Musanditeme, ababa."

Anandiyang'ana, kenako anabwerera pamwala paja.

Chikwanje chija chinaperepeseka mpaka kukhala ngati mpeni, ababanso n'kuonda nacho limodzi. M'nyumba mwathu odwala anali awiri, koma woperekezedwa kuchipatala anali mmodzi.