Kalata Imene Ndinalembera Amalume Ake

Ntchito ya uphungu anandipatsa ngati mmene amapatsira munthu tsache. Tsiku lina pa msonkhano wa aphunzitsi, ahedi anangondiloza ndi cholembera. "Madamu, inu ndinu mayi, mumapemphera, ndipo ana amakumverani. Za uphungu zikhale zanu." Basi, nkhani yatha. Anzanga anawomba m'manja chifukwa katunduyo anali atawalambalala. Ine ndinkaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina yoyendera cha ku Vinthukutu. Ndinali nditangotha zaka ziwiri chichokereni kwathu ku Mulanje, ndipo Chitumbuka changa chinkathera pa "monire" ndi "yewo".

Ananditumiza ku Karonga boma kumaphunziro a masiku atatu. Kumeneko anatiuza kuti mlangizi amamvetsera, saweruza, ndipo amasunga chinsinsi. Ndinalemba zonsezo m'kope mwaukhondo, n'kubwerako ndi satifiketi. Kumvetsera, ine? Ine amene ndimayankha funso mwini wake asanalimalize! Amuna anga amanena kuti ndikakhala chete ndiye kuti andithamangitsire kuchipatala. Koma pepala ndinali nalo, ndipo ndinalimata pakhoma la kachipinda kosungiramo makasu ndi mabuku ong'ambika, komwe anandiikira mipando iwiri.

M'kachipinda kameneko ndi mmene anandipeza mtsikana wina wa fomu folo, Lachitatu lina titaweruka. Anali wamtali, wolankhula motsitsa, ndipo pa masamu anyamata ankamuona msana. Bambo ake anali atamwalira chaka chapitacho. Anakhala pampando, manja pakati pa mawondo, n'kundiuza kuti azichimwene a bambo akewo agwirizana ndi bambo wina wa maboti ku Ngara kuti amukwatire. Mayeso anali atatsala miyezi itatu.

"Madamu, ine ndikufuna ndilembe mayeso basi," anatero.

Ndinaimirira, mpando mpaka kugwa. "Amalume ako ali kuti?"

Ndinafunsa choncho chifukwa kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Malume ndiye mwini mbumba, ndipo akati ayi, ngakhale bambo wobereka amakhala pansi.

"Asibweni ali ku Sangilo, madamu. Koma ankhazi anati..."

"Ankhazi ndiye ndani?"

"Mlongo wawo wa adada."

"Azakhali ako? Iyayi! Amenewo ndi a mbali yomweyo ya anthu okugulitsawo. Usandiuze za iwo."

"Madamu, kuno asibweni sa..."

"Usaope, mwanawe. Nkhaniyi yafika pa ine."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anadzutsa mpando uja n'kuuika pamalo pake. Anati yewo, n'kutuluka. Ine mumtima ndinkadzitama kuti ndapulumutsa mwana.

Mawa lake ndinalemba kalata yoitana amalume akewo. Ahedi anali ku boma, choncho ndinatenga chidindo cha sukulu m'dirowa n'kudinda ndekha. Sindinafunse munthu aliyense, pomwe sitafu yonse inali yodzaza ndi eni dera. Ndinkati ndikusunga chinsinsi. Ndinapatsira wa kabaza kalatayo.

Anabwera Lachisanu, bambo woonda, atavala jekete kutentha konse kuja kwa ku Karonga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, chipewa chili m'manja.

"Madamu, ng'ombe za malowolo a mlongo wanga zinalowa m'khola lathu kalekale," anatero. "Ana aja ndi a kuchimuna. Ine pakhomo paja ndilibe mawu."

Apa ndiye ndinatsegula pakamwa. Ndinawafunsa kuti ndi mwamuna wanji amene amaonerera mwana wa mlongo wake akutayidwa. Ndinawauza kuti magazi sagulidwa ndi ng'ombe. Ndinawauza kuti boma likawafunsa adzayankha okha. Ndinalankhula mpaka munthu wamkulu uja anayamba kupukuta m'maso ndi chipewa. Koma abale, lilime langali! Anatenga kalata ija, yachidindo chofiirira, n'kunena kuti apita kwa akuchimunawo mawa lomwelo.

Lolemba mtsikana uja sanabwere kusukulu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu mphunzitsi wa jogirafe, mbadwa ya komweko, anandikokera kuseri kwa kalasi atamva nkhaniyo kumudzi.

"Madamu, mwachita chiyani?" anafunsa atagwira mutu. "Kuno malume kukalankhula za ukwati wa mwana pakhomo la eni, ndi kuwatukwana. Ndiye abwere ndi pepala la chidindo? Akuchimunawo akuti mayi wa mtsikanayo, wamasiye uja, watuma mlongo wake kukawanenera kuboma. Amuuza kuti amange katundu asiye ana. Mtsikanayo amuperekeza kale ku Ngara kuti nkhani ithe. Bwanji simunatifunse ife?"

Safunsa anadya phula, koma phula limeneli wadya ndi mwana wa eni ake, osati ine.

Ahedi atabwera anandikalipira, ndipo anachita bwino. Kenako tinakwera minibasi ya ku Ngara, iwo ndi ine ndi amayi awiri a komiti ya sukulu. Tinamupeza akuyanika usipa pathandala, atavala chitenje chatsopano. Anatiyalira mkeka, n'kugwada patali. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anali atakwanitsa, choncho zonse zinatsamira pa mawu ake. Ahedi anamufunsa katatu ngati akufuna kubwerera nafe.

"Ndinabwera ndekha, sala," anayankha, maso ali pansi.

Mmodzi wa amayi aja anandinong'oneza pobwerera kuti akuchimuna anamuuza mwanayo kuti akakhazikika pabanja, mayi ake sachotsedwa pamudzi ndipo ang'ono ake sasiyana ndi mayi wawo. Ndinalira mu minibasi monse, anthu akundiyang'ana, ndipo sindinasamale.

Patatha sabata ziwiri kunabwera mayi wina wachikulire pakhomo la kachipinda kanga, atanyamula jumbo. Anavula patapata asanalowe. Anati ndi ankhazi ake a mtsikana uja, ndipo abweretsa mabuku a sukulu amene mwanayo anabwereka. Anawatulutsa limodzilimodzi, onse okutidwa bwino ndi pepala la simenti. Ine ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, koma iwo analankhula mofatsa, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka, n'kumanditchula kuti asambizi, kutanthauza aphunzitsi.

"Asambizi, pamudzi pathu za mwana wamkazi zimadzera mwa ine. Ndinawagwadira azichimwene anga katatu. Anali atavomera kuti adikire mpaka mwana alembe mayeso. Ine ndinkati akakhoza bwino, nawonso adzachita manyazi, ukwatiwo udzafa wokha. Anangoti ndiwaonetse pepala la kusukulu lonena mwezi wa mayeso, kuti asamati ndikuwanamiza. Ndiye ndinamutuma kwa inu kuti mundilembere kapepala kameneko."

Kapepala. Mizere iwiri yokha, yoti ndikanailemba ndili chiimire. Ndinati pepani, ndipo liwulo linamveka lopepuka moti ndinachita nalo manyazi. Iwo anangoti, "Zachitika, asambizi," n'kupinda jumbo yawo.

Ndinapita kwa ahedi kukatula pansi udindowo. Anakana. Anati palibenso wina, ndipo mwina tsopano ndaphunzira. Kuphunzira pamsana pa mwana wa munthu, ndi maphunziro anji amenewo? Mpaka lero ndikadali mlangizi pa sukulu ina, ndipo achinyamata ongoyamba kumene akandifunsa zoyenereza munthu pa ntchitoyi, ndimawauza nkhani imeneyi yonse, osadzibisa. Ena amandipepesa kuti ndinkafuna zabwino. Zimenezo sizinditonthoza ngakhale pang'ono.

Dzina lake linali litapita kale ku mayeso, choncho tsiku loyamba desiki yake inaikidwa mu holo pamodzi ndi za anzake, nambala yake itamatidwa pakona. Ine ndinali pakhomo kuthandiza kufola ana. Onse atakhala, woyang'anira mayeso, bambo wochokera ku sukulu ina, anayenda m'mizere n'kuima pa desiki yopanda munthuyo. Anadikira pang'ono akuyang'ana wotchi, kenako anabwera pamene ndinaima.

"Madamu, uyu timudikire? Kapena wadwala?"

"Ayi, sanadwale," ndinatero. "Yambani."