Msewu Umene Unkafa Mbali Imodzi

Unali m'mawa dzuwa lisanatuluke, mvula ikuwaza, pamene mwana wanga wamkazi anavala ovolosi n'kupita kukakwirira maenje pamsewu umene iye yemwe anajambula mapulani ake.

Inu ofuna mawu olimbikitsa, ine kukometsera nkhani sindikudziwa. Ndingokuuzani zimene zinachitika.

Mwanayu ndi injiniya. Msewu woyamba umene anamupatsa unang'ambika chaka chisanathe. Akuluakulu ake anamutsitsa, n'kumuika m'gulu lomata zigamba. Anati mu ofesi adzalowanso akadzadziwa chimene chinalakwika.

Chozunguza mutu chinali chakuti msewuwo unkafa mbali imodzi yokha. Mbali yokwera inali see ngati tebulo. Mbali yotsika inali ming'alu yokhayokha.

"Bambo," anandifunsa tsiku lina, "miyala ndi yomweyo, phula ndi lomwelo, makina otsendera ndi omwewo. Nanga chavuta n'chiyani?"

Mayi ake akanakhala moyo akanadziwa choyankha. Ine ndinangomuthirira tiyi wina.

Anakumba dothi mbali zonse ziwiri n'kuliyeza: linali lofanana. Anaima pamvula kuyang'ana ngalande: madzi ankayenda bwinobwino. Anawerenganso magalimoto: okwera ndi otsika anali chimodzimodzi. Yankho lililonse linkangobala funso lina.

Anzake a m'gulumo anamupatsa dzina loti a Maenje.

"A Maenje, mbali iyi munaijambula muli ndi malungo?" ankatero kapitawo. "Kapena yabwinoyo munakonzera apongozi?"

Ankaseka nawo. M'mawa mwake ankabweranso.

Tsiku lina manja ake atatuluka matuza, kapitawo anamulanda fosholo n'kumupatsa mbendera yoimitsira magalimoto. Kunabwera lole yokwera, ikudumphadumpha ngati chitini. Atakweza mbendera, inaima nthawi yomweyo.

Masana lole yomwe ija inatulukira ikutsika. Anakwezanso mbendera. Loleyo inabuula, inakhwekhwereza matayala, n'kukaima itamupitirira. Pansi pa nsapato zake nthaka inkanjenjemera.

"Achemwali, pobwera pano muzikweza msanga mbendera yanuyo!" anakuwa dalaivala. "Popita ndimakhala ndekha, pobwera ndasenza phiri!"

Mwana wanga anangoima akuyang'ana kumtunda kumene loleyo inachokera, mpaka kapitawo anamufunsa ngati wagona choimirira. Kumtunda kuja kunali malo oswera miyala. Malole ankakwera opanda kanthu, n'kutsika atadzaza. Iye anali atawawerenga onse, koma sanawayeze kulemera.

Anapita ku ofesi kukapempha sikelo yoyezera malole. Anamubweza. Anapitanso, anamubwezanso. Sanaleke mpaka anatopa naye n'kumubwereka. Sikelo inamuvomereza.

Pokonzanso msewuwo, mapulani anajambula ndi iye. Mbali yotsika anaikumba mozama, n'kuiyalira maziko ochindikala. Mvula yagwa n'kuleka, yagwanso, koma mng'alu sunaoneke. Ku ofesi anabwerera, ngakhale dzina la a Maenje silinamuchoke.

Inu amene mwatsitsidwa, ndipo simukumvetsa chimene chakugwerani, mtima usagwe. Kusamvetsa si kulephera. Pitanibe pamalo amene akuikanipo, chifukwa yankho la mwana wanga linamupeza ataima pamsewu, mbendera ili m'manja.

Lero m'mawa ndinamufunsa ngati tsopano misewu akuimvetsa.

"Ayi ndithu, bambo. Pali wina ukufa pakati penipeni, mbali zonse zili bwino."

Anamaliza tiyi wake, anatenga chipewa, n'kupita kukauona.