Dzenje la kuseri kwa nyumba ya abwana

Dzulo mdzukulu wanga anabwera ndi buku lakale logula pamsewu ku Area 2. Fungo lake lachinyezi lija linandibwezera kutali, anthuni.

Bambo anga ankasamalira maluwa panyumba ya abwana ena ku Area 3, ife tinkakhala kuseri. Ine sukulu sindinaipondeko. Buku lomwe ndinkalidziwa linali Baibulo lokha, ndiye chilichonse cholembedwa ndinkati n'choona. Tsiku lina achimwene anatola buku lomwe abwana anataya, n'kumatimasulira: akuti bwana wina ankakumbitsa antchito ake dzenje, kenako ankawadula khosi, magazi chuchuchu, n'kuwakwirira momwemo.

M'mawa mwake abwana anaitana bambo. "Ukumbe dzenje apa. Lakuya."

Khasu likagwa, mtima wanga unkati phaa! Bambo atalowa mpaka m'chiuno, abwana anatulukira ndi chikwanje. Ndinathamanga n'kuwaluma dzanja abwanawo, uku ndikukuwa, "Musawaphe!"

Chikwanjecho chinali chodulira mizu. Dzenjelo linali la zinyalala.

Bambo anagwada m'dothimo kupepesa, koma ntchito inathera pomwepo. Tikusenza katundu sanandimenye. Anangoti, "Iwe mwana, mano akowo!"

Lero ndikudziwa kuti pepala limanamanso. Koma zitachitikanso, ndikhoza kulumabe, ngakhale ndi nkhama zokhazi.