Besi Yanga Pansi pa Lipenga la Apongozi

Ndinakwatira m'chigwa cha Domasi, kumtunda pang'ono kwa mishoni, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ndinamanga kwawo kwa mkazi wanga. Nyumba yathu ndi ya apongozi anga aamuna zinayang'anizana makomo, koma zaka zoyambazo nkhani zathu zinkathera pa moni. Mkamwini sacheza ndi apongozi ake ngati mnzake wa pa bawo. Ndikawapeza pakhonde ndinkavula chipewa n'kuti, "Mwadzuka bwanji, Bambo?" Iwo ankati, "Tadzuka, kaya inu akamwini?" Tsikulo tacheza basi.

Ntchito yanga ndi yokonza njinga pa Songani. Lamulungu ndimaimba gitala ya besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo anzanga a m'kwayamo amandidziwa kuti munthu akalakwitsa sindimusungira mawu m'kamwa. Za apongozi ndinkangomva kwa mkazi wanga kuti paunyamata wawo ankaimba lipenga m'mahotela a ku Blantyre, nyimbo za jazi. Lipengalo sindinkaliona, ndinkangoona khasu.

Zinasintha mlamu wanga, mwana wawo wamkazi womaliza, atapeza banja. Pa chinkhoswe anapempha bambo ake kuti tsiku la ukwati adzamuimbire nyimbo imodzi pa lipenga, monga ankamulonjezera ali wamng'ono. Apongozi anavomera pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, anthu n'kuomba m'manja. Mawu otere sabwezedwa.

Patangopita masiku ochepa anandiitanitsa. Ndinapita ndikudzifunsa chimene ndalakwa. Ndinawapeza ali ndi buku lopanda chikuto, masamba ake achikasu, m'mbali mphemvu zitalawa.

"Akamwini," anatero, "lipenga palokha silikoma. Pamafunika munthu woyenda pansi pake. Inu mumaimba besi, zimene muzidzaimbazo zili umu."

Anandifotokozera kuti munthu wina kunja anakhala pafupi ndi galamafoni n'kumalemba liwu lililonse limene akatswiri a besi ya jazi ankaimba, limodzilimodzi, mpaka kudzaza buku. Nditatsegula ndinangoona timadontho takuda ta michira, ngati ambululu pa mizere isanu. Ine ndinakula ndikuwerenga do-re-mi wa m'mabuku a kwaya, izi zinali zachilendo. Apongozi anandisonyeza mzere uliwonse dzina lake, ine n'kutenga pensulo ndi kalendala yakale, kuyamba kutembenuza timadonthoto kukhala do-re-mi kuseri kwake. Nyimbo yeniyeniyo ndinali ndisanaimvepo. Galamafoni ya apongozi inawonongeka kalekale, ndipo foni yanga inali kamabatani kongoimbira ndi kuunikira.

Ampu ya tchalitchi, yokuzira mawu a gitala, saitulutsa m'tchalitchi. Gitala yokha ndiyo ankandilola kupita nayo kunyumba, ndiye kuti imveke ndinkagunditsa mutu wake ku chitseko, chitsekocho n'kumalirima. Ndikaweruka ku Songani ndinkasamba m'manja girisi n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa phiri. Mkazi wanga ankati akatsegula chitseko amachita kupempha chilolezo kwa gitala.

Kutchalitchi besi imagunda do, kudikira, kugunda so, kudikiranso. Ya m'bukumu inalibe kudikira. Inkayenda mapazi anayi anayi osaima, ndipo pakati pake panali mawu ena okhota amene kwa ine ankamveka ngati wolembayo anaphonya mzere. Munthu wozolowera kuwongola masipoko sangaone chinthu chokhota n'kuchisiya. Ndinawawongola onse, ndipo ndinanyadira kuti ndakonza buku la azungu.

Tsiku loyamba kuimba limodzi tinakhala pakhonde pa apongozi, gitala itagunda chitseko chawo. Anatulutsa lipenga m'bokosi, analipukuta ndi kansalu, anati ndiyambe ndekha. Ndinayamba mwaulemu wonse, pang'onopang'ono, ndikukoka kumapeto kwa mzere uliwonse monga timakokera nyimbo za m'buku la mapemphero. Anandimvetsera ndithu, kenako anati, "Akamwini, maliro ake ndi a ndani?"

Ndinaseka nawo. Kenako anafunsa kumene mawu okhota aja anapita. Nditawauza kuti ndinawakonza, anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti ndiwabwezeretse onse, poti mawu amenewo ndiwo amakankhira phazi ku liwu lotsatira. Ndinakawabwezeretsa ndikung'ung'udza. Nditawaimba mofulumira, osakoka, ndinamva kuti akunena zoona, ndipo zinandiwawa kuti akunena zoona.

Pofika nthawi yokolola ndinali nditaloweza nyimboyo maulendo ake onse atatu amene analembedwa m'bukumo. Vuto linasamukira kwa apongozi. Ankalowa mochedwa. Pena ankasiya mzere pakati, n'kudzalowanso pomwe afuna, ine ndili kale patsogolo ndi mawu a m'buku amene tsopano akugundana ndi awo. Akanakhala mnyamata wa m'kwaya ndikanaimitsa nyimbo n'kumufunsa ngati makutu anawaiwala kunyumba. Koma apongozi ungawauze bwanji kuti alakwitsa?

"Mwina ndine ndathamanga, Bambo," ndinkatero.

"Ayi, akamwini, mukuimba bwino. Tiyambirenso."

Tinkayambiranso, n'kulakwikanso pamalo ena. Ukali umene sindinkatha kuutulutsa pakhonde paja ndinkafikira nawo kunyumba. Tsiku lina ndinauza mkazi wanga kuti bambo ake sawerenga, ndipo pa ukwati tidzachita manyazi tonse awiri. Iye anali akusankha nyemba, sanadzutse n'komwe mutu.

"Inu mumamva zolakwika zokhazokha," anatero. "Simukumva kuti mpweya ukuwathera?"

Mawa lake ndinaimba ndikumvetsera chifuwa chawo m'malo mwa lipenga. Mzere umene pachiyambi ankaumaliza ndi mpweya umodzi, tsopano ankaudula pawiri, ndipo akamapuma m'khosi munkalira kamluzu. Sikunali kuiwala kuwerenga. Ankadikira mpweya kuti ubwere. Ndinachita mantha, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri.

Ndinayesa kuzungulira nkhani. Ndinati mwina nyimboyo yatalika, anthu a pa ukwati sachedwa kutopa, bwanji tiimbe ulendo umodzi wokha. Anandiyang'ana n'kunena kuti mwana wawo sanapemphe theka la nyimbo. Za chifuwa sanatchule, inenso sindinatchule. Kuchipatala ankapita ndi apongozi aakazi, mankhwala ankamwa, koma pakhonde paja nkhani inali nyimbo basi.

Ndiye ndinabwerera ku buku lija ndi maso ena. Pamwamba pa mizere panali timalemba tosonyeza pomwe nyimbo yafika, ndipo ndinaona kuti pansi pa chilembo chimodzimodzi akatswiri aja ankayenda njira zosiyanasiyana. Ndinayamba kuzula kachidutswa patsamba ili, kena patsamba lija, n'kumalumikiza monga ndimachitira ndi njinga imene unyolo wake ndi wa kwina, mapedulo a kwina. Zina zinkakana, zina zinkalowa. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kuzungulira pamalo amodzi osaima, kuwadikira mpaka alowe, kenako n'kuwatsatira komwe alowerako. Sanandiyamikire, koma anasiya kunena kuti tiyambirenso.

Ukwati unachitika m'chilimwe, madyerero ake mu holo ya sukulu ina cha ku Malosa. Kunatentha moti malata ankachita kuthetheka. Anthu anavina, anafupa, ndipo chakumasana woyendetsa mwambo anazimitsa nyimbo za pa sipika n'kulengeza kuti bambo a mkwatibwi ali ndi mphatso. Akwaya anzanga anali atandibwerekera ampu ya tchalitchi tsiku limenelo. Apongozi anabwera kutsogolo atavala suti yawo yakale, imene tsopano inkawakhuthukira m'mapewa.

Ndinayamba ine, iwo n'kulowa. Ulendo woyamba anaimba mokoma kuposa tsiku lina lililonse pakhonde paja. Holo yonse inangoti zii, ngakhale ana. Ine ndemwe tsitsi linandiimirira, moti ndinatsala pang'ono kuiwala zala.

Ulendo wachiwiri anaimba mzere umodzi, pa mzere wachiwiri liwu linasweka. Anatsitsa lipenga. Ndinazungulira kuwadikira monga mwa masiku onse, koma sanalowe. Anatembenukira kwa ine, nsana kwa anthu, thukuta lili kamukamu, pakamwa pali yasa kufuna mpweya.

"Musaime, akamwini," ananong'ona.

Sindinaime. Ndinaimba zonse za m'buku, zinatha. Ndinaimba zolumikiza zanga zija, nazo zinatha, ndinayamba kupeka pomwepo. Anthu anaganiza kuti ndi mmene tinakonzera, kuti tsopano ndi nthawi ya besi. Mayi wina analiza nthungululu, azimayi anadzuka n'kumabwera akuvina kudzafupa, ndipo kutsogolo kunadzaza zitenje moti akumbuyo sankawaonanso apongozi. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha azimayi amenewo.

Apongozi anakwezanso lipenga n'kuliika pakamwa. Munangotuluka mpweya wokhawokha. Ine ndekha ndi amene ndinaumva, poti ndinali pafupi.

Mkwatibwi pa ukwati amakhala pampando wake mpaka amuitane. Mlamu wanga sanadikire kuitanidwa. Anadzuka, ananyamula chovala chake choyera kuti chisakwekwereke, anadutsa pakati pa azimayi aja n'kufika pamene panali bambo ake. Anawalanda lipenga mofatsa, kulipanira m'khwapa, n'kuwagwira dzanja ngati akuwapempha kuvina. Anayamba kuyenda nawo pang'onopang'ono motsatira besi yanga, kulowera ku mpando, anthu akuomba m'manja poganiza kuti nazonso zinali m'dongosolo.

Podutsa pafupi nane ndinamva akuti, "Ndalephera, mwanangu."

"Mwaimba, Ababa," anayankha mlamu wanga. "Ndamva ine."

Apongozi anali akulira. Ndinaweramitsa mutu n'kuyang'ana nsambo za gitala, poti si bwino mkamwini kuona misozi ya apongozi ake, ndipo ndinapitiriza kuimba mpaka atakhala pansi. Lipengalo sanadzaliimbenso.